Obed ndi Mtsekamadzi

Tsiku lomwe abale a Obed ankabwera kudzamutenga, Lufina anadzuka n'kuchita zonse monga ankachitira chidwalire mwamuna wake. Anamutembenuza, anamupukuta msana ndi kansalu konyowa, anachotsa chitenje chomwe anaipitsira n'kuyala china. Kenako anamukhazika motsamira khoma n'kuyamba kumumwetsa phala. Lina linkalowa, lina linkatsikira pachibwano mbali ya kumanja, mbali yomwe inafa. Chisoni sanamve, nyansi sanamvenso. Zonsezo zinasungunuka kalekale ngati kachidutswa ka sopo. Manja ankangogwira okha ntchito, mwini wake ali kwina.

Obed anagwera m'ngalande ya sikimu ya mpunga ku Bwanje mvula itangoyamba, khasu lili m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko, bipi inakwera mwakabisira. Anamubweza kunyumba ndi mapiritsi komanso mawu aja amanena madokotala akasowa chonena: mwina amamva, mwina samva, tiyeni tizingoona. Lufina anaonadi. Anaona anzake akuwokera mpunga, anaona ukutulutsa ngala, ndipo tsopano mpheta zinali zitayamba kuuzungulira. Mwamuna wake anali chigonere, maso kudenga, osatulutsa ngakhale ka "mayo".

Sikuti sanayesetse. Abusa anabwera, amayi a Mvano anaimba mpaka malata kunjenjemera. Cathy, mwana wawo woyamba, anachoka kusukulu yogonera komweko n'kudzagwada pamphasa akuitana "adadi, adadi" mpaka mawu kusasa. Obed anangoti duu. Anthu anayamba kuchepa pakhomopo, pakuti matenda akakhalitsa amasanduka a mwini nyumba yekha.

Tsono Obed anali mkamwini. Kwawo kunali ku Champiti, kumtunda kwa alimi a chimanga, ndipo kuno kuchigwa anachita kutsatira mkazi. Amene anayamba kuikhudza nkhaniyi anali Wilfred, mchimwene wa Lufina komanso mwini mbumba. Anafika madzulo ena n'kuima pakhomo pa chipinda, Lufina ali kalikiliki kupukuta wodwalayo.

"Chemwali, munthu wa eni safera m'manja mwa akazi ake," anatero Wilfred. "Akatisiyira pano, abale ake adzati tinamudya ndife. Komanso taonani puloti yanu. Chaka chino mudya mpheta?"

Tsiku limenelo Lufina anali atachapa katatu, mutu ukumuwawa, ndipo fungo linali litamulowa mpaka m'tsitsi. Anayankha osadzutsa mutu, nsalu ili m'manja, nkhope ya Obed ili pafupi ndi bondo lake.

"Achimwene, awa si a Obed. A Obed anatsala m'ngalande muja. Ichi ndi chipika basi, chimangodya ndi kuipitsa. Abwere adzatenge, ine ndatopa nacho."

Wilfred sanafune kumva kawiri. Ankhoswe anakumana, n'kugwirizana kuti Janeti, mchemwali wake wa Obed, adzabwera ndi galimoto Loweruka masana. Koma nkhoswe ya kuchimuna, munthu wamkulu wosafuna kudzatukwanidwa mawa, inasiya khomo lotsegula. Inati mawu omaliza ndi a Lufina. Akadzati ayi pa tsikulo, galimoto idzabwerera yopanda munthu, ndipo palibe adzamufunse chifukwa.

Loweruka lake linali ili. Lufina anatsuka kambale ka phala, n'kudzifunsa kuti ayankha chiyani. Sikuti mtima unkakokera uku ndi uku ayi. Akasuzumira m'katimo ankapeza muli mbee, ngati nkhokwe ya mwezi wa Febuluwale.

Dzuwa litakwera kunamveka kulira kwa injini panja. Lufina anaganiza kuti alamu ake a Janeti afulumira, koma anali Jamal pa njinga yamoto, wamalonda wa ku Lizulu, chipewa choyera pamutu, fumbi mpaka m'nsidze. Jamal ankagula mpunga kuchigwa kuno n'kukagulitsa pagolosale yake kumsika wa m'malire uja. Umo ndi momwe anadziwirana ndi Obed. Koma chomwe chinawamanga pamodzi sichinali mpunga. Anali matenda ena, omwe Jamal anabwera nawo kuchokera ku Joni pa kamemore khadi.

Inali nkhani ya zithunzi ya ku Japan, zomwe eni ake amati manga. Zithunzi zakuda ndi zoyera, mawu a Chingerezi ali m'timabaluni, ndipo amawerenga chobwerera, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Jamal ankati chimenechi chokha iye anaphunzira kale kumadrasa, poti Chiarabu nachonso chimawerengedwa choncho, Obed ndiye wakumudzi. Nkhaniyo inayamba kulembedwa Cathy asanabadwe ndipo mpaka lero inali isanathe. Sabata iliyonse kunkatuluka gawo latsopano, ndipo Obed, bambo wamkulu ndi ndevu zake, wa Fomu Folo yake, ankakwera pachulu kuseri kwa nyumba kusaka netiweki ngati mbuzi yosaka msipu.

Lufina sanayang'anepo foni ya mwamuna wakeyo ngakhale kamodzi, koma nkhaniyo ankaidziwa ngati katekisimu, chifukwa amuna awiriwa ankakanganira pakhonde iye akupeta mpunga pambali. Kunali dziko lomwe mafumu a kumtunda anaba mtsinje wake. Mnyamata wina wa tsitsi ngati chisa, yemwe awiriwa anamutcha Chimutu poti dzina lake lenileni linkapota lilime, ananyamuka ndi anzake kutsata khwawa louma kuti akabweze madziwo. Pa geti iliyonse yotchingira madziwo ankapeza chimphona, n'kumenyana nacho miyezi. Obed ankati chibakera chimanyamuka sabata ino n'kukafika pachibwano mwezi wamawa. Sabata iliyonse ankalumbira kuti wasiya, n'zachibwana, wolembayo akungokoka ngati labala. Sabata yotsatira, uyo pachulu.

Koma mkangano weniweni unali pa munthu mmodzi, yemwe anamutcha Mtsekamadzi. Ameneyu ndiye anatseka geti yoyamba, mudzi wa Chimutu n'kuuma, anthu n'kufa. Atagonja pankhondo analira, n'kufotokoza za umasiye wake, ndipo Chimutu anamukhululukira mpaka kumulowetsa m'gulu. Jamal ankamukonda koopsa. Ankati ndiye dolo wa nkhani yonse, munthu woti anagwa n'kudzuka, ndipo pamalonda wokubera dzulo akhoza kukhala kasitomala wako lero. Obed akamva zimenezo ankachita kuimirira.

"Wolemba ameneyu sanalimepo mpunga," ankatero. "Puloti yanga ili kumchira kwa ngalande. Ndimawadziwa anthu oika thumba la mchenga m'ngalande pa tsiku la madzi a mnzawo. Akagwidwa onse amalira, onse ndi amasiye. Nkhaniyi inali bwino mpaka pamenepo. Kuchokera pamenepo ndimangowerenga kuti ndione tsiku lomwe adzamuthamangitse."

Zaka zinadutsa, Mtsekamadzi osathamangitsidwa, Obed osasintha maganizo. Lufina ankangopukusa mutu. Panali masiku omwe ankalakalaka kuiponya m'chitsime foniyo, makamaka akamufotokozera mwamuna wake za fizi ya Cathy iye n'kuyankha kuti "eya, eya" maso ali pa zimphona.

Lero Jamal anavula nsapato pakhomo, manyazi ali pankhope.

"Alamu, pepani. Ndinamva dzulo kuti akupita. Ndakhala ndikuti ndibwera, ndibwera, koma kunena zoona ndimaopa kuwaona chonchi."

"Lowani, alamu," anatero Lufina. "Saluma."

Jamal anakhala pampando wa ndalema pafupi ndi mphasa. Anapereka moni, n'kudikira yankho lomwe silinabwere, kenako anatulutsa foni. Anati magawo achuluka omwe mnzake sanawerenge, ndiye wati amuwerengereko asanapite kumapiri komwe netiweki ndi ya mwayi. Anayandikiza foniyo kumaso kwa Obed n'kuyamba kumasulira m'Chichewa, chithunzi ndi chithunzi.

Koma ankawerenga ngati akuwerenga mbiri ya womwalira. Jamal yemwe kale ankachita kudumpha posonyeza momwe chimphona chagwera, lero mawu anali pansi, aulemu, onyengerera. Akafika pomwe pali Mtsekamadzi ankadutsapo msangamsanga, kuopa kukwiyitsa wodwala. Anafika mpaka ponena kuti, "Mwina munkanena zoona, achimwene, nkhaniyi yatalika." Obed anali maso kudenga, dovu likutsika pang'onopang'ono. Lufina anabwera kudzalipukuta n'kubwerera pakhomo pomwe anakhala.

Jamal analimbikira mpaka mawu anayamba kunjenjemera. Kenako anazimitsa foni, n'kuyang'ana panja.

"Nthawi yoswali yakwana, alamu. Mungandigawireko madzi?"

Lufina anamupatsa madzi m'kabakete, ndipo Jamal anapita pansi pa mtengo wa mango kuseri. Nthawi inali isanakwane bwinobwino, Lufina ankadziwa. Mwamuna akafuna kulira amasowa pobisala.

M'chipindamo munatsala awiri. Kunkatentha, malata akulira okha ndi dzuwa. Lufina anatenga chikwama chomwe Obed anabwera nacho pa ukwati n'kuyamba kupindiramo malaya. Sanali atasankha kanthu, ankangoti galimoto ikafika zisachite kusakidwa. Ndipo poti m'nyumba mukakhala zii pakamwa pamayamba pokha, anayamba kulankhula, monga munthu amalankhulira ndi nkhuku.

"Anzanu aja akulira kuseriko. Akulirira zithunzi. Zaka zonsezi kukangana za anthu ojambula." Anapinda thalauza. "Ine ndikanakhala woweruza, bwenzi nditagamula kalekale. A Jamal amanena zoona. Mtsekamadzi uja ndi munthu wabwino. Analakwa, anapepesa, basi. Chimutu anachita bwino kumukhululukira."

Kumphasa kunamveka kaphokoso. Kanali kakang'ono, konyowa, kotulukira mbali imodzi ya pakamwa, koma Lufina anakhala ndi munthuyu zaka zokwanira kuti asakasokoneze ndi china chilichonse. Obed anatsonya.

Lufina anaima, thalauza lili m'manja. Anadikira. Panalibe china. Anaganiza kuti mwina ndi dovu lamutsamwa. Anayandikira, n'kugwada, n'kunena momveka bwino ngati akuyankha mlandu.

"Ndikuti Mtsekamadzi ndiye dolo. Kuposa Chimutu. Popanda iye gulu lonse lija bwenzi litatha."

Obed anatsonyanso, ulendo uno mwamphamvu, mpaka tsaya lamoyo lija linagwedezeka. Dzanja lamanzere linakanda mphasa. Ndipo maso aja, omwe miyezi yonseyi ankawerenga mitengo ya denga, anatsika pang'onopang'ono n'kudzaima pa nkhope ya Lufina. Munali munthu m'menemo. Munali Obed yense, ndi makani ake omwe.

Choyamba kubwera chinali mkwiyo, ndipo Lufina anadabwa kuti akadali nawo.

"Bambo a Cathy! Abusa anapemphera pano mpaka thukuta. Mwana wanu analira pano. Inu duu. Lero mukudzukira munthu wojambula?"

Kenako anaseka, kuseka kouma komwe kunamupweteka m'nthiti, n'kugwira dzanja lamanzere lija ndi manja ake onse awiri. Linali lofunda. Anafuna kuthamangira kuseri kukaitana Jamal, kuitana Wilfred, kuitana mudzi wonse. Anali atadzuka kale theka pomwe anaona kuti dzanjalo silikumugwira. Linkadzikoka, mofooka koma mosakayika, mpaka linatuluka m'manja mwake n'kukagona pamimba pa mwini wake.

Apo m'pomwe zinamufikira. Ngati akumva lero, sanayambe lero. Lufina anayang'ana malo omwe anagwada, ndipo anali omwewo, bondo lake pafupi ndi nkhope ya mwamuna wake, Wilfred ataima pakhomo paja. Anamva mawu ake omwe akubwerera limodzi ndi limodzi. Anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire, manyazi otentha kumaso ngati wayandikira ng'anjo ya njerwa.

"Munamva," anatero.

Obed anangomuyang'ana.

"Ndinali nditatopa, bambo a Cathy. Tsiku lija ndinachapa mpaka zala kusupuka. Munthu akatopa pakamwa pamanena zake. Ndani wakusambitsani miyezi yonseyi? Ndani wakumwetsani phala? Si ine?"

Zonsezo zinali zoona, ndipo Obed sanatsonye. Koma madzi akatayika saoleka. Lufina anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ngakhale munalibe misozi, n'kukhala bwino. Kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhani ya galimotoyi ankadziwa chomwe akufuna. Ankafuna munthuyu akhale. Mpheta zidye mpungawo, Wilfred anene zomwe anganene, iye azichapa katatu kapena kanayi, bola m'nyumba muno mukhale wina womutsutsa.

"Tamverani. A Janeti ali m'njira. Ankhoswe anati mawu omaliza ndi anga. Ndikawauza kuti abwerere. Mukhala kuno, ndikusamalani ine. Mwamva? Mukhala ndi ine."

Obed anatsonya.

Lufina anaganiza kuti mwina sanamve bwino funso, poti munthu wodwala mutu umasokonezeka. Anabwereza mwa njira ina, pang'onopang'ono.

"Mukufuna kupita ku Champiti? Kwa a Janeti?"

Dzanja lamanzere linanyamuka pamimba paja. Linaima m'malere, chala chimodzi chitatambasuka, n'kuloza chikwama chomwe chinali chotsegula pakati pa chipinda. Linakhala choncho mpaka mphamvu zinatha, n'kugwera pamphasa.

"Kulibe chipatala chapafupi ngati kuno," anatero Lufina, ngakhale ankadziwa kuti ku Champiti chipatala chiliko. "A Janeti ali ndi ana awo. Sadzakutembenuzani usana ndi usiku ngati ine. Cathy akabwera pa holide adzakupezani kuti?"

Pa dzina la Cathy chikope chinaphethira. Koma Obed anatembenuza maso, n'kuwapititsa kukhoma, ndipo sanawabwezenso. Lufina anamuitana kawiri. Anayesa ngakhale kutchulanso Mtsekamadzi, mwina angatsonye, koma munthu anali atamaliza kulankhula.

Kenako kuzizira kwa mumtima kunamubwerera Lufina, kuja anakuzolowera, ndipo anakulandira ngati chitenje chakale. Anadzuka n'kumaliza kupinda. Anaikamo mapiritsi, buku la kuchipatala, jekete la kutchalitchi, ndi foni ya Obed yomwe inali itazima miyezi yapitayo, pamodzi ndi tchaja yake.

Galimoto inafika dzuwa litapendeka, kagalimoto ka hayala komwe anachotsamo mpando wakumbuyo n'kuyalamo matiresi. Janeti anatsika, mayi wamfupi wonenepa, atamanga chitenje chapamaliro ngati kuti zatha kale. Wilfred anatulukira ndi nkhoswe ya kuchimuna ija, ndipo anthu oyandikana nawo anayamba kusonkhana chapatali, monga amachitira pakakhala choonera chaulere. Anakhala pakhonde, analonjerana, anadandaula za msewu. Kenako nkhoswe inatembenukira kwa Lufina.

"Mayi, tinati mawu omaliza ndi anu. Galimoto iyi ipite ndi munthu, kapena ibwerere?"

"Apite," anatero Lufina.

Wilfred anagwedeza mutu mokhutira, ngati munthu yemwe malangizo ake amveka. Amayi ena chapatali paja ananong'onezana, ndipo Lufina ankadziwa zomwe akunena, ndi zomwe adzanene mawa kuchitsime. Sizinamukhudze.

Jamal ndi Wilfred ndi dalaivala anamunyamula Obed pa bulangete. Podutsa pakhomo mutu wake unapendekera mbali ya Lufina, koma maso anali otseka. Atamugoneka, Jamal anabwerera pambuyo akupukuta manja pamalaya, ndipo Lufina anamukokera pambali.

"Alamu, ku Champiti muzipitako. Koma musakawawerengere ngati muli pamaliro. Mukawatsutse. Mukawauze kuti Mtsekamadzi ndi dolo."

Jamal anamuyang'ana ngati wasokonezeka mutu, koma Lufina anali atapita kale kugalimoto, komwe Janeti ankakankhira chikwama pansi pa miyendo ya mlongo wake akudandaula mokweza.

"Kaya tikamusunga bwanji munthu woti sadziwa ngakhale komwe ali. Ndi mtolo uwu, Mulungu atithandize."

"Alamu," anatero Lufina, "muzisamala pakamwa mukakhala nawo pafupi. Amamva. Amamva chilichonse."

Janeti anasiya chikwama. Anayang'ana mlongo wake, n'kuyang'ana Lufina, nkhope itasintha.

"Amamva? Inu mukudziwa kuti amamva, ndiye mukuwapereka? Mwamuna wanu?"

Dalaivala anali ataliza kale injini. Lufina anakonza bulangete pomwe linapindika, n'kuphimba phazi lomwe linali panja.

"Ndawafunsa eni ake," anatero, n'kutseka chitseko.